Ofiri wa pa Phiri la Fura: Mmene Kandimverere Adasandukira Mwini Nthaka

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'makonde a sukulu zaukachenjede za m'chigawo chino cha Africa, akuti mitsutso ya akatswiri yofuna kudziwa amene adalemba buku lakutilakuti lamakedzana, ndi nthawi imene adalilembera, ndi masewera a anthu okhuta. Oyankhula chotere amati wophunzira wa ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Harare ali ndi njala, ulova ndi matenda zoti alimbane nazo, kotero alibe nthawi yotaya pa mapepala ofumbwa ndi mayina a alembi amene mafupa awo adaola kalekale. Mawuwa amakoma m'khutu, koma ndi olakwa, ndipo kulakwa kwake n'koopsa. Wofuna umboni apite ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, akaone minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga imene kumeneko amati mapulazi. Akafunse mmene nthakayo idachokera m'manja mwa eni ake, ndiponso mmene zidzukulu za Amalawi amene adaikhetsera thukuta zidadzapezekera zilibe kwawo. Akalondola bwino mapazi a nkhaniyi adzafika pa ndime zochepa za buku lakale, zimene anthu adaziwerenga osafunsa kuti adazilemba ndani.

Ndimezo zili m'Chipangano Chakale. Buku loyamba la Mafumu, pamutu 9, limasimba kuti zombo za mfumu Solomoni, mothandizidwa ndi amalinyero a Hiramu wa ku Turo, zidapita kudziko lotchedwa Ofiri n'kubwerako ndi matalente 420 a golide. Buku lachiwiri la Mbiri, pamutu 8, posimba za ulendo womwewo limati matalentewo adali 450. Kusiyana kumeneku kukadayenera kuchenjeza wowerenga kuti nkhaniyi idadutsa m'manja ambiri isadafike kwa iye. Mabuku onse awiri satchula kumene Ofiriyo adali, ndipo mlembi wa buku la Mafumu sadasiye dzina lake. Mwambo wa Ayuda wa mu Talmud umati adali mneneri Yeremiya. Mu 1943 katswiri wa ku Germany, Martin Noth, adatsutsa zimenezi ponena kuti mabuku oyambira Deuteronomo kufikira Mafumu adalumikizidwa ndi mkonzi mmodzi wa m'nthawi ya ukapolo wa ku Babulo, ndipo ena omutsatira adati ntchitoyo idayamba kale pa ufumu wa Yosiya. Mtsutsowo ukadalipo, koma chimodzi n'choonekeratu: bukuli limatha ndi kumasulidwa kwa mfumu Yehoyakini cha m'ma 560 Khristu asadabadwe, patapita zaka zoposa 350 Solomoni atamwalira. Amene adalimaliza ankafuna kufotokozera anthu ake chifukwa chimene Yerusalemu adagwera. Sankajambula mapu a anthu okumba migodi. N'chifukwa chake ngakhale akale sadagwirizane za malowo: Josephus adaika Ofiri ku India, ena adamuika ku Arabia.

Nanga dzinali lidafika bwanji m'chigwa cha Zambezi? Omasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki adalilemba m'malo ena moyamba ndi chilembo cha S, kotero kuti Apwitikizi atakhazikika padoko la Sofala mu 1505, n'kuona golide akutsika kuchokera kumtunda, khutu lawo lidamva mayina awiriwo ngati amodzi. Mu 1552 João de Barros adasindikiza gawo loyamba la buku lake la Décadas da Ásia, mmene adafotokoza za linga lalikulu la miyala yosanjidwa popanda dothi lomatira, m'dziko la Mwenemutapa. Adati pamwamba pa khomo lake padali malemba amene amalonda achisilamu, ngakhale ophunzira, adalephera kuwerenga, ndipo adaganiza kuti omanga ake adali ndi ubale ndi Axum, mzinda wa mfumukazi ya ku Sheba. Mu 1609 wansembe João dos Santos, amene adakhala ku Sofala n'kuyendanso ku Sena ndi ku Tete, adatulutsa buku la Ethiopia Oriental. Mmenemo adasimba za mabwinja a pamwamba pa phiri la Fura, nalemba zimene anthu ankanena zakuti adali nyumba zosungiramo golide wa Solomoni kapena wa mfumukazi ija, naonjezapo kuti dzina lakuti Fura kapena Afura silitalikirana ndi Ofiri. Phiri limeneli ndi lomwe Frederick Selous adalitcha Mount Darwin mu 1889, ndipo lili m'chigawo cha Mashonaland Central.

Apa ndi pamene mafunso amene ena amawanyoza aja amaonetsa ntchito yake. Barros adali kalaliki wamkulu wa nyumba ya malonda a ku India mumzinda wa Lisbon, ndipo sadapondeko m'dziko la Mwenemutapa. Adalemba zimene adamva kwa Apwitikizi anzake, amene adamva kwa amalonda a kugombe, amenenso mwina adamva kwa ena. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Malemba a pakhomo aja, amene akadakhala umboni wosatsutsika, sadapezeke ndi munthu aliyense mwa onse amene akumba pa Great Zimbabwe kuyambira m'zaka za m'ma 1800 kufikira lero. Umboni wa dos Santos nawonso udali kufanana kwa kamvekedwe ka mayina, chinthu chimene wophunzira wa chaka choyamba m'maphunziro a zinenero amadziwa kuti sichitsimikiza ubale uliwonse. Chodabwitsa n'chakuti m'ndime yomweyo Barros adalembanso kuti eni dziko ankatcha nyumba zotere Symbaoe, kutanthauza bwalo la mfumu, ndi kuti lingalo linkasungidwa ndi nduna ya Mwenemutapa ndipo munkakhala ena mwa akazi ake. Owerenga a m'mbuyo mwake adalumpha mizere imeneyi, imene inkaloza kwa Akaranga, n'kukangamira mizere imene inkaloza kwa alendo.

Patapita zaka mazana atatu mphekeserayi idapeza miyendo. Karl Mauch adafika pa Great Zimbabwe mu Seputembala 1871 mutu wake uli wodzaza kale ndi Ofiri. Adabenthula kachidutswa pamtanda wa pamwamba pa khomo, nanunkhiza, naona kuti fungo lake likufanana ndi la pensulo yake, basi n'kugamula kuti udali mkungudza wa ku Lebanoni, pamene udali mtengo wa m'nkhalango za komweko. Mu 1885 H. Rider Haggard adatulutsa nthano yake ya King Solomon's Mines, imene idalowetsa maloto a migodi ya Solomoni m'nyumba zambiri za ku Britain. Mu 1890 gulu la asilikali ndi atsamunda a kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, lidalowa m'Mashonaland n'kukweza mbendera pa Fort Salisbury pa 13 Seputembala, aliyense atalonjezedwa malo 15 okumbapo golide ndi munda wa maekala pafupifupi 3,000. Chaka chotsatira kampaniyo idathandiza kulipira ulendo wa Theodore Bent, amene m'buku lake la 1892, The Ruined Cities of Mashonaland, adapereka malingawo kwa anthu ochokera kumaiko a Aluya ndi Afoinike. Rhodes adatumanso Alexander Wilmot kukafufuza m'nkhokwe za zolembedwa za ku Ulaya, ndipo buku lake la Monomotapa lidatuluka mu 1896, mawu oyamba atalemba Haggard yemwe uja. Mlembi wa nthano adasanduka mboni ya mbiri.

Wotsutsa anganene kuti nthaka ya Mashonaland idalandidwa ndi mfuti za Maxim, osati ndi ndime za m'Baibulo. N'zoona kuti popanda mfuti, makamaka pa nkhondo za 1893 ndi 1896 mpaka 1897, palibe buku limene likadasamutsa mudzi ngakhale umodzi. Koma mfuti zimafuna ndalama, ndipo ogula masheya ku London ankafuna nkhani yowatsimikizira kuti golide aliko wochuluka. Ankafunanso nkhani yogoneka chikumbumtima chawo. Ngati omanga malinga ndi okumba migodi yakale adali azungu kapena abale awo, ndiye kuti Mshona adali wobwera mochedwa, wokhala pabwinja la eni, ndipo mtsamunda sadali wolanda koma wolowa chuma cha makolo ake. Golide atapezeka kuti ngwochepa kusiyana ndi maloto aja, atsamunda adatembenukira kunthaka, ndipo lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidapatula pafupifupi theka la dziko kuti likhale la azungu, kuphatikizapo nthaka yachonde ya ku Mazowe, Marondera ndi Chinhoyi. Mfuti idatsegula khomo, koma nkhani ya Ofiri ndiyo idauza wolowayo kuti nyumba ndi yake.

Umboni wakuti nkhaniyi idali mzati wa ulamuliro ndi mmene boma lidaitetezera. David Randall-MacIver atakumba mu 1905 adagamula m'buku la Mediaeval Rhodesia kuti malingawo adamangidwa ndi anthu akuda, m'zaka zapakati osati m'nthawi ya Solomoni. Gertrude Caton-Thompson adatsimikiza zomwezo mu 1929, ngakhale kuti Richard Hall, amene adayang'anira malowo kuyambira 1902 mpaka 1904, adali atakokolola kale dothi lambiri losunga umboni. Njira za sayansi zoyezera zaka za makala ndi mitengo zidadzaonetsa kuti mzindawo udakula pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450, patadutsa zaka zoposa 2,000 kuchokera pa Solomoni. Komabe boma la Ian Smith lidakakamiza kuti timabuku ta alendo tisanene poyera kuti omanga adali Aafirika, ndipo Peter Garlake, mkulu woyang'anira mabwinja amene adakana kubisa zimene adapeza, adachoka m'dzikomo mu 1970. Mu 1972 ku Salisbury kudatulukanso buku la Robert Gayre lobwereza nkhani yakale ija. Boma limene lidali pankhondo silikadataya nthawi kutseka pakamwa ofukula mapale, mtsutso wa amene adamanga ndi amene adalemba ukadakhala masewera a anthu okhuta.

Ena amati zonsezi zidatha mu 1980, pamene dziko lidatenga dzina la mabwinja omwewo n'kuika mbalame yake ya mwala pambendera. Bodza la Ofiri lidafadi, koma kaganizidwe kamene kadalibereka kadatsala: kakuti wotchula chiyambi chakale kwambiri ndiye mwini nthaka, ndipo amene chiyambi chake chili kwina alibe gawo ngakhale atabadwira pamalopo. Mapulazi a Mashonaland adalimidwa kwambiri ndi manja a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ena otengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, ena oyenda pansi milungu yambiri kudzera ku Tete. Ambiri adasanduka matchona, adakwatira komweko, adamanga mizikiti ndi mipingo, ndipo gule wamkulu adavinidwa m'makomboni. Pofika chaka cha 2000 ogwira ntchito m'mapulazi a Zimbabwe adali oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu lidali la ana ndi zidzukulu za obwera aja. Kulanda mapulazi kutayamba chaka chimenecho, amene adalandirako malo mwa iwo adali ochepa kwambiri. Ankatchedwa mabhurandaya, ndiye kuti a ku Blantyre, ngakhale ambiri adali asadauonepo mzindawo, ndipo pamisonkhano ya ndale ankanyozedwa kuti ndi anthu opanda mfunda, chonsecho adali a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe. Lamulo la unzika la 2001 lidawalamula kukana unzika wa maiko amene sadakhalemo, ndipo ambiri adatsala opanda dziko. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zina, povomereza unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC ndi kuika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma zaka za ana osalowa mayeso chifukwa chosowa chiphaso sizibwezedwa. Funso limene mtsamunda adafunsa Mshona, lakuti makolo ako adali kuti pamene miyala iyi inkasanjidwa, ndi lomwelo lidafunsidwa kwa Mchewa wa pakomboni. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Pali ulesi wina, wotsutsana ndi woyamba uja koma wobadwa naye mimba imodzi, wakuti popeza zolembedwa za Apwitikizi ndi za Aluya zidagwiritsidwa ntchito ponamiza, ndiye zonse zitayidwe kudzala. Akatswiri enieni a ku Zimbabwe sadatero. David Beach mu 1980 ndi Stan Mudenge mu 1988 adamanga mbiri ya ufumu wa Mutapa pa zikalata zomwezo, pofunsa chikalata chilichonse kuti mwini wake adali ndani, adaima pati, ndipo ankafuna kukondweretsa yani. Garlake adakumba msika wa Apwitikizi wa Dambarare m'chigwa cha Mazowe, umene Changamire Dombo adauphwasula mu 1693. Innocent Pikirayi adakumba pa Baranda, kufupi ndi phiri la Fura lomwe lija, napeza mikanda ndi mbale za kutsidya kwa nyanja zosakanikirana ndi mapale a eni dera, ndipo m'buku lake la 1993 adaonetsa kuti malowo akugwirizana ndi msika wa Massapa wotchulidwa m'zolembedwa za Apwitikizi. Dos Santos amene adasocheretsa ofuna Solomoni ndi yemweyo adathandiza ofuna Mutapa. Buku lidali limodzi, mafunso ndiwo adasiyana.

Chitsanzo china chili kugombe kumene golide wa kumtunda ankapita. Mbiri ya mafumu a Kilwa, imene idalembedwa m'zaka za m'ma 1500 ndi munthu amene dzina lake lidatayika, idafika kwa owerenga a lero m'mitundu iwiri: wa Chipwitikizi umene uli m'buku la Barros, ndi wa Chiarabu umene udakoperedwa m'zaka za m'ma 1800 ndipo S. Arthur Strong adausindikiza mu 1895. Mitundu iwiriyi imasiyana pa mayina ndi mndandanda wa mafumu, koma yonse imati woyambitsa ufumu adachokera ku Shiraz, m'dziko la Persia. Olemba a nthawi ya atsamunda adaimeza nkhaniyi yosatafuna chifukwa inkapereka mizinda ya Aswahili kwa alendo. Neville Chittick mu 1965 adayerekeza mbiriyi ndi makobidi ofukulidwa pa Kilwa, nakonza zaka zake. Ena a pambuyo pa ufulu adati nkhani ya Shiraz idali yopeka chabe, yokometsera banja lachifumu. Kenaka mu 2023 kafukufuku wa DNA ya mafupa a m'manda akale a kugombeko, wofalitsidwa m'magazini ya Nature, adaonetsa kuti ambiri mwa oyezedwawo adali ndi makolo aakazi a ku Africa ndi makolo aamuna a ku Persia, ndi kuti kusakanikiranako kudayamba cha m'ma 1000. Mizindayo idali ya Aafirika ndithu, chinenero ndi miyambo yake yomwe, komabe mlembi wosadziwika uja sadaname zonse. Ndipo khobidi la al-Hasan bin Sulaiman, mfumu ya Kilwa imene Ibn Battuta adaichezera mu 1331, lidapezeka pa Great Zimbabwe penipeni. Alendo adalipo m'mbiri ya dera lino, monga ogula ndi akamwini, osati monga omanga malinga a eni. Wokhoza kusiyanitsa ziwirizi ndi yekhayo amene adaphunzira kufunsa buku mafunso.

Wophunzira wa Chichewa asayese kuti msamphawu udatchereredwa ena okha. Zolembedwa za Apwitikizi zimasimba za Muzura, mfumu ya Amaravi imene idatumiza ankhondo kutsidya la Zambezi kukathandiza Mutapa Gatsi Rusere cha m'ma 1608, ndipo pambuyo pake idaukiranso dzikolo. N'kosavuta kuti wina, pomva chisoni ndi abale a m'makomboni, atole ndime zimenezi n'kulengeza kuti Achewa adaponda Mashonaland zaka 400 zapitazo, kotero ali ndi gawo. Wotero wangopanga Ofiri wakewake. Malyn Newitt ndi Matthew Schoffeleers adatsutsana m'zaka za m'ma 1980 pa funso lakuti Muzurayo adali yani ndipo ufumu wake udayamba liti, ndipo munthu sangamange ufulu wa mwana wa ku Bindura pa mfumu imene akatswiri sadagwirizane za iyo. Ufulu wa mwanayo uli pa kubadwa kwake ndi pa thukuta la agogo ake, zinthu zimene zili ndi mboni zamoyo. Chimodzimodzinso buku la Samuel Josia Ntara la Mbiri ya Achewa, limene lidatuluka m'zaka za m'ma 1940, nlofunika kulilemekeza polifunsa: adauza mlembiyu nkhani iyi ndi mfumu iti, ya mbumba iti, ndipo panthawiyo inkalimbirana ufumu ndi yani pamaso pa bwanamkubwa? Buku likalembedwa m'chinenero cha mayi silisanduka lopatulika chifukwa cha chimenecho.

Choncho nthambi zophunzitsa zinenero ndi zolembalemba za mu Africa zikulakwira ophunzira ake ngati zikuwatulutsa odziwa kuyamikira mikuluwiko ndi zining'a, koma osadziwa kuyerekeza mitundu iwiri ya nkhani imodzi, kuzindikira dzanja la wokopera, kapena kulekanitsa mboni yoona ndi maso ndi mboni yomva ndi khutu. Luso limeneli silifuna makina odula. Lifuna aphunzitsi amene angaike ndime ya Barros ndi lipoti la Caton-Thompson patebulo limodzi, n'kuuza wophunzira kuti agamule mlanduwo ndi zifukwa. Lifunanso ena odzipereka kuphunzira Chipwitikizi chakale ndi Chiarabu, kuti mbiri ya chigwa cha Zambezi isamadikire womasulira wa kutali.

Ndipo pali ntchito ina imene siingadikire. Okalamba amene adawoloka Zambezi ali anyamata kukagwira ntchito m'mapulazi a fodya atsala owerengeka, ndipo makomboni ambiri amene adakhalamo adapasuka pambuyo pa 2000. Zimene akudziwa, za njira zimene adadzera, za malipiro, za madambwe amene adakhazikitsa m'mphepete mwa minda ya azungu, za manda a anzawo amene tsopano ali m'minda ya eni atsopano, ndizo zidzakhale zolembedwa zamakedzana za mibadwo ya m'tsogolo. Wopita kukazilemba alembe dzina la wosimba ngati walola, mudzi wa kwawo, malo ndi tsiku limene adayankhula, chinenero chimene adayankhulira, ndiponso ngati adaona yekha kapena adachita kumva. Akapanda kutero, patapita zaka 300 wina adzatola pepalalo, n'kuwerengamo zimene mtima wake ukufuna, monga momwe Mauch adanunkhizira mtengo wa m'nkhalango ya Akaranga n'kumvamo fungo la Lebanoni.